Kachitsulo Konga Bwato

Lifuwu, Salima
13 Januwale 1952

Okondedwa achimwene a Fanuel,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji ku Bulawayoko, inu ndi alamu anga a Lucy? Ife kuno tilipo. Amayi mwendo uja ukuwavutabe, koma kumunda akupita. Mvula yagwa bwino ndipo mpunga tawokera kale.

Pepani kuti kalata yanga yoyamba chimwalirireni atate yabwera ndi vuto. Makina osokera aja aleka kusoka. Gudumu likulemera popukusa, ndipo ulusi wapansi ukungoduka. Ndinatsegula pansi pa singano n'kutulutsa kachitsulo konga bwato kaja, momwe mumagona ulusi wapansi. Atate ankati ndi shatulo. Nsonga yake yatha, ndipo kachitsulo kopyapyala kamene kamapana ulusi pamsana pake kathyoka.

Lachinayi ndinapita nayo ku boma kwa a Omari, telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Panali amuna ambiri, choncho ndinangoima pambali mpaka dzuwa linafika pamutu. Iwo ndiwo anandiitana, nati kodi mwana wa fundi Wilson wabwera kudzalondera sitolo? Atayiona shatulo anapukusa mutu. Akuti za mtundu umenewu zinasiya kubwera nkhondo isanayambe, ndipo mu Salima monse sindingayipeze.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Mukudziwa kuti mwa mwambo katundu wa atate ndi wa akwawo, ndipo wolowa ndi msuweni wathu a Anderson a ku Khombedza, mwana wa azakhali. Inu pamaliro panalibe, ndiye ndikuuzeni zimene ananena pamaso pa anthu. Anati: "Ngati mkazangayu amasokadi, makina akhale. Koma tsiku lodzasudzula amake tikadzawapeza ali chete, ndidzawanyamula." Anthu anaseka poti n'chisuweni, koma akuluakulu anawasunga mawuwo. Kusudzula amayi kudzachitika tikakolola.

Achimwene, ine sukulu ndinalekera Sitandade 3. Pagulu sinditha kuyankhula. Pamakina pokha ndi pamene ndimalimba mtima, ndipo atate anandiphunzitsa ngakhale anthu ankawaseka kuti utelala si wa akazi. Chonde mundifunireko shatulo kumeneko. Ndayigoneka papepala limene ndaika m'kalatamu n'kuzunguliza pensulo katatu kuti ndisalakwitse. Kukula kwake ndi komweko.

Ndine mlongo wanu,
Dailes

*

Bulawayo
10 Febuluwale 1952

Mlongo wanga Dailes,

Moni kwa iwe ndi amayi. Ife tili bwino, kungoti ntchito ya kunjanji yachuluka, matumba sakutha.

Nkhani yako ndi yaing'ono, usadandaule. Ndinapita kusitolo yaikulu ya makina m'tauni muno, ya magalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Nditaonetsa pepala lako, wogulitsa anaitana mnzake kuti adzaone, onse n'kuseka. Akuti ameneyo ndi gogo wa makina. Masiku ano kulibe amene amasokera ka bwato, onse ali ndi kozungulira. Ndiye ndakugulira kozungulirako, katsopano, konyezimira ngati ndalama yasiliva. Nanga mlongo wanga azisokera zakale ine ndili m'tauni? Ndapatsira a Pitala, anzathu a kwathu konko, akwera sitima sabata yamawa.

Anderson asakuopse, ndi pakamwa chabe. Tili ana ndinkamugwetsa m'matope mpaka kulira. Undiuze ngati chambo chayamba kugwidwa, kuno timadya nsomba zonga makungwa.

Ndine mchimwene wako,
Fanuel

*

Lifuwu
9 Malichi 1952

Okondedwa achimwene,

Moni wochuluka kwa inu ndi alamu. A Pitala afika bwino ndipo katundu andipatsa m'manja.

Zikomo kwambiri. Sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji. Mwavutika chifukwa cha ine, mpaka kusekedwa m'sitolo ya anthu olemera. Kachitsuloko n'kokongola, amayi anakagwira nthawi yaitali nati mwana wawo sanaiwale kwawo. Azimayi a kutchalitchi nawonso anabwera kudzakaona. Ndakakulunga m'kansalu koyera ndipo ndakasunga bwino m'chitini cha atate chija, kuti kasachite dzimbiri.

Makina ndikuwasamala tsiku lililonse monga kale. Pepala lija ngati simunataye, mulisungebe.

Chambo chilipo koma nyanja yavuta masiku ano. Amayi akuti mupemphere.

Mlongo wanu,
Dailes

*

Bulawayo
30 Malichi 1952

Dailes,

Moni nonse. Ndasangalala kumva kuti zonse zili bwino. Ndinadziwa ine kuti katsopano sikangalephere. Koma usamangokasunga m'chitini ngati dzira, zinthu za kuno n'zolimba, uzikasiya m'makina momwemo.

Ndamulembera kale Anderson. Ndamuuza kuti makina akuthamanga kuposa sitima, ndipo ngati akufuna chonyamula pa tsiku losudzula adzanyamule khasu la atate, mwina angaphunzire kulima. Akawerenga atupa ngati chule. Pepala lija alamu ako anayatsira mbaula, poti ntchito yake inatha.

Fanuel

*

Lifuwu
27 Epulo 1952

Achimwene,

Moni. Kalata ino ndayilemba kanayi, zitatu ndang'amba. Mundikhululukire.

Kachitsulo munatumiza kaja sikalowa. Malo ake m'makina mwathu ndi aatali ngati bwato, iko n'kozungulira. Ndinadziwa tsiku lomwelo a Pitala asanatuluke n'komwe pabwalo. Ndinalephera kukuuzani chifukwa munakagula ndi mtima wonse. Ndinkayesa kuti mukamva zoti kali m'chitini mudzazindikira nokha. Kulakwa n'kwanga.

Tsono kalata yanu inafika ku Khombedza. Patangopita masiku awiri a Anderson anatulukira pa njinga, atanyamula nsalu ya kaki. Anati amva kuti kuno kwafika sitima, ndiye ine mkazi wawo wa chisuweni ndiwasokere malaya oti adzavale posudzula. Anakhala pampando wa atate n'kumandiyang'ana, akumwetulira. Ndikanati makina ndi akufa, akanawamanga pa njinga tsiku lomwelo, komanso inu mukanakhala wabodza. Ndinatenga tepi n'kuwayeza. Ndinati abwere pakatha sabata.

Malayawo ndasoka pamanja. Ndinatseka chitseko, ndinakhala pafupi ndi zenera, n'kumasoka mobwerera m'mbuyo monga ankachitira atate pokonza kolala, kuti msoko uoneke ngati wa makina. Pobaya paliponse ndinkayeza ndi theka la kambewu ka mpunga. Zinanditengera masiku asanu ndi limodzi. Choipa kwambiri n'chakuti nthawi ndi nthawi ndinkapukusa gudumu lopanda ulusi kuti odutsa panjira amve phokoso. Amayi ankandiona, kenaka ankatenga khasu n'kutuluka.

A Anderson atabwera anavala, anatambasula manja, anakoka m'mapewa. Anati, "Hii, koma mkazanga, ndikanadziwa ndikanakukwatira zenizeni." Anapita akuimba belu la njinga mpaka kuseri kwa mitengo ya mango.

Tsopano azimayi atatu abweretsa nsalu zawo. Ndawauza kuti ndikudwala maso. Kutchalitchi ndikukhala kumbuyo. Achimwene, ndathedwa nzeru. Ndajambulanso shatulo papepala lina. Chonde musafune yokongola, mufune yofanana ndi imeneyi, ngakhale yadzimbiri.

Dailes

*

Bulawayo
14 Meyi 1952

Mlongo wanga,

Moni. Kalata yako ndawerenga nditaimirira, kenaka ndinakhala pansi. Alamu ako andikalipira mokwanira, akuti munthu akati chinthu wachisunga m'chitini, wanzeru amafunsa chifukwa chake. Wolakwa ndine. Unanditumizira muyeso, ine ndinamvera kuseka kwa anthu a m'sitolo.

Kusitolo sindinabwerereko. Ndakhala ndikuyenda m'komboni madzulo alionse ndikaweruka, kufunsa atelala mmodzimmodzi. Wachisanu ndi chiwiri anandilozera kwa mkulu wina wa ku Nkhotakota, a Mose, amene anabwera kuno ine ndisanabadwe. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mitu ya makina akufa yodzaza wilibala. Atangoona pepala lako anavula magalasi nati amene wajambula ichi ndi telala. Akuti shatulo yotere ali nayo penapake, ayifufuza.

Koma akuti pali china. Shatulo ikatha, ulusi umaduka, zoona, koma gudumu sililemera. Kulemerako ndi matenda ena, ndipo mwina ndi amene anathyola shatulo. Ndiye akufunsa kuti umathira mafuta anji, ndipo kangati? Uyankhe mosabisa, Dailes. Ulemu wako watidyera miyezi iwiri, changu changa chatidyera iwiri inanso.

Fanuel

*

Lifuwu
30 Meyi 1952

Achimwene,

Moni, ndipo muwapatse moni a Mose ngakhale sindiwadziwa.

Ndiyankha mosabisa. Kabotolo ka mafuta a makina kamene atate anasiya kanatha mu Okutobala. Sindinafune kuvutitsa munthu. Ndinakazinga nsatsi, ndinasinja, ndinaphika n'kuwengula mafuta ake, ndipo ndinawasefa kawiri pansalu yoyera. Ndimathira m'timabowo tonse m'mawa uliwonse, osaphonya. Gudumu litayamba kulemera ndinayamba kuthira kawiri patsiku, ndipo popukusa ndinkakakamiza. Kodi ndinalakwa? Nsatsi ndi zimene timadzoza ana akhanda, ndinkaganiza kuti sizingapweteke chitsulo.

A ku Khombedza atumiza mawu. Kusudzula amayi ndi Loweruka pa 21 Juni. Mpunga tamweta, tikupuntha.

Dailes

*

Bulawayo
13 Juni 1952

Dailes,

Moni mwachangu, ndikuthamangira positi. A Mose atamva za nsatsi anagwira kumutu, kenaka anaseka mpaka kutsokomola. Akuti usachite manyazi, iwonso ali mnyamata anaphapo makina ndi mafuta a mtedza. Mafuta a mbewu akauma amasanduka ulimbo. Makina ako sanafe, amatidwa.

Uchite izi. Uthire palafini m'timabowo tonse ndi pansi pomwe, uwasiye padzuwa, upukuse pang'onopang'ono, utsuke ndi nthenga ya nkhuku mpaka zakuda zitatha. Ukapukuta, uthire mafuta ali m'kabotoloka, kadontho kamodzi pabowo, kamodzi pa sabata. Shatulo ayipeza, ayiyeza papepala lako, yakwana ndendende. Zonse zili m'phukusi limodzi ndi kalata ino. Mulungu alifulumizitse.

Fanuel

*

Lifuwu
23 Juni 1952

Achimwene,

Moni. Yankho lanu silinafike. Ndapita kupositi ku boma kawiri, kulibe kanthu. Makina apita.

Anabwera Loweruka, azakhali, a Anderson ndi akuluakulu awiri. Amayi anawasudzula bwino, popanda mawu oipa. Katundu wa atate anamuika pamphasa: makasu, jekete, nyale, Baibulo. Makina ndinawatulutsa ndekha nditawapukuta.

A Anderson anali atavala malaya aja. Anaimirira nati za makina palibe nkhani, umboni ndi umene avalawu, mtsikanayu asunge. Ndinangoti zatha, ndapulumuka. Koma mkulu mmodzi anati mwambo ndi wakuti mwini nyumba atsimikize, ndipo anatembenukira kwa amayi. Anafunsa kuti, kodi amayi, makina a malemuwa akusokadi?

Amayi anayang'ana pansi. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kusuntha. Akananena kuti inde, chifukwa cha ine, pa tsiku lomasulidwa kwa mwamuna amene anakhala naye zaka makumi atatu osanamizana. Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu. Ndinagwada n'kunena kuti, "Makina sakusoka. Malayawo ndinasoka pamanja."

Poyamba sanamve, mpaka ndinabwereza. A Anderson anati ndikunama. Azakhali anawakoka malaya, anatembenuza mpendero, naona kuti kuseri ulusi wakwerana, pamene wa makina umafanana mbali zonse. Anthu anayamba kuseka, osati ine, koma a Anderson, poti akhala akuyenda Khombedza yense kutama makina a amalume awo. Nkhope yawo inagwa. Anati mawu ananena pamaliro pamaso pa anthu, sangawameze. Anamanga makina pa njinga ndi luzi. Sananditchule mkazawo potsanzika.

Amayi sanandidzudzule, sanandiyamikenso. Anangondipatsa mtondo kuti tipunthe mpunga wotsala. Patebulo patsala chizindikiro cha pamene ankakhala makina. Musavutikenso kufunafuna.

Dailes

*

Lifuwu
13 Julayi 1952

Okondedwa achimwene a Fanuel,

Moni kwa inu, alamu ndi a Mose. Phukusi lanu linafika pa 26 Juni, patapita masiku asanu makina atachoka. Nditawerenga za nsatsi ndinalira. Ndiye kuti ndinawapha ndekha ndi chisamaliro changa.

Ndinakhala nalo phukusilo sabata yathunthu. Chimene chinkandiwawa n'chakuti makina a atate ali kwa eni ake atamatidwa ndi ulimbo wanga, ndipo anthu azidzati fundi Wilson anasiya chitsulo chakufa. Choncho Lachisanu lina ndinalawirira, nditatenga palafini wa m'nyale, nthenga zitatu, kabotolo kanu ndi shatulo. Ndinafika ku Khombedza dzuwa litapendeka, ndinagona kwa azakhali.

M'mawa ndinawapeza makina pakhonde la a Anderson atafunditsidwa chiguduli. Akuti anaitana telala wina wa pamsika, anayesa tsiku lonse n'kulephera, nati agulitse kwa osula makasu. Ndinapempha kuti ndiwatsuke. A Anderson anati nditsuke, mwina osula angawonjezepo kanthu akawaona akuwala.

Ndinachita zonse monga ananenera a Mose. Achimwene, zimene zinatuluka m'menemo! Zakuda, zonanda ngati phula. Nthenga ziwiri zinatha. Pofika masana gudumu linayamba kupepuka, mpaka ndinalikankha ndi chala chimodzi n'kumazungulira lokha. Ndinakulunga ulusi, ndinalowetsa shatulo yanu, inangoti khethe m'malo mwake. Azakhali anandipatsa nsalu yawo yong'ambika m'mphepete. Ndinapukusa. Msoko unatuluka woongoka kuyambira uku mpaka uko, osaduka ngakhale kamodzi.

Anthu anali atadzaza pakhonde, ine osawaona. A Anderson anavina pabwalo. Anayamba kuuza anthu kuti alemba telala wamwamuna, aika makina pamsika, Khombedza yense azivala za kwa Anderson.

Ine ndinapukuta makina, ndinatsegula pansi, ndinatulutsa shatulo yanu n'kubwezeramo yakale yothyoka ija. Yanuyo ndinayimanga pangondya ya nsalu yanga, ndinagwada n'kutsanzika. Mfundo ndinamanga kawiri.

A Anderson anati, "Iwe, kachitsuloko ukupita nako kuti?"

Ndinati, "Makina ndi anu, asuweni, ndawatsuka. Koma aka si ka malemu. Anditumizira achimwene anga."

Anati akagula kawo ku boma. Ndinati apite, akafunse a Omari. Anati ndiye ku Limbe. Ndinati achimwene anayenda Bulawayo yense, anakapeza kamodzi, m'wilibala ya nkhalamba. Anatembenukira kwa amayi awo kuti aweruze. Azakhali anali akuyang'anabe msoko wa pansalu yawo. Anati chuma cha masiye ndi chimene malemu anasiya, nanga kameneko mlongo wawo anakasiya? Anawonjeza kuti wina ali ndi mtondo, wina ali ndi munsi, tione amene adye.

Ndinabwerera ku Lifuwu osacheuka. Njira yonse ndinkagwira pamfundo paja kuti ndimve ngati kalipo.

A Anderson anapirira masiku anayi. Ndamva kuti anapitadi kwa a Omari, ndipo a Omari anawafunsa ngati akufunanso mazira a tambala. Lachitatu ndili kuseri ndikupeta mpunga ndinamva belu la njinga. Anamasula luzi okha, ananyamula makina okha mpaka patebulo, thukuta lili kamukamu. Anauza amayi, osandiyang'ana ine, kuti asamve molakwa: makinawo sanandipatse, ndi awo ndithu, angodzasungitsa chifukwa ku Khombedza kwachuluka fumbi. Amayi anati zoona, fumbi la ku Khombedza ndi loipa. Potuluka anandiponyera nsalu ina nati, "Buluku, mkazanga. Ndipo ndidzatembenuza mpendero."

Azimayi atatu aja ndawasokera kale, za maso anga ndawauza zoona zake. A Mose muwauze kuti ndizithira kadontho kamodzi, Lolemba lokha, ngakhale dzanja limafuna kuwonjeza.

Pempho langa ndi limodzi. Mukamalembera a Anderson, chonde musawaseke, ndipo musalembe kuti makina ndi anga. Muwathokoze posungitsa katundu wawo kwathu. Asiyeni akhale awo. Ine ndikusoka.

Ndine mlongo wanu,
Dailes